Mau a gitala yanu akalimo, atate

Atate, lelo mtima wanga wakhala pansi. Pedo yanu yosinthila mau a gitala inazima denga litadontha. Wokonza ku Petauke anandichenjeza kuti ikayaka, mwina zonse munasungamo zidzakhala zitafufutika. Pobwelela ku Nyimba ndaifungatila pamiyendo njila yonse.

Poilumikiza ndakumbuka Loweluka lija pakhonde, mukupotokola timabatani mpaka amai anakuwa, "Imwe, mudzadya gitala?" Munangoseka: "Dikilani iyambe yalila ngati munthu." Ndaponda pedo, ndakhudza nsambo imodzi, ndipo mau anu aja atuluka onse, ofewa, onjenjemela kumapeto. Amai atuluka m'nyumba manja ali ndi sopo, angoima pakhomo. Pumulani, atate. Pa Sondo ndikailiza kutchalitchi.