Mapepala Okulungira Mandasi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anasiya kulemba. Ndinali ndi zaka khumi. Anali atatha miyezi akulemba sewero la filimu, nkhani ya mlembi amene anthu anamukana mpaka analowerera mowa. Atalipititsa kwa opanga mafilimu ku City Centre lisanathe n'komwe, nawonso anakanidwa. Anaponya mapepalawo m'katoni n'kuyamba kumwa ngati mlembi wa m'sewero lawo lomwelo. Ankangokhala pakhonde duu, ndipo ndinkaopa kuti sadzasekanso.

Pakhomo tinkadalira mandasi a amayi, amene ndinkagulitsa pafupi ndi depoti ku Old Town ndikaweruka kusukulu. Tsiku lina nyuzipepala zokulungira zinatha. Ine, ndi tinzeru tanga, ndinatapa mapepala m'katoni muja. Ankamwa mafuta bwino, choncho ndinapitiriza.

Ndinali ndi kasitomala, a Kalonga, mlonda wa ku Area 12. Anayamba kuumirira kuti mandasi awo ndizikulunga ndi mapepala angapo. Osadziwa kuti ankakawawerenga pageti ndi mnzawo wosamalira maluwa. Mapepala atatha ndinabwerera kunyuzipepala, ndipo a Kalonga anakana mandasi.

"Mwanawe, wolemba zija ndani? Ndiperekeze."

Njira yonse ndinkadziwa kuti lero ndikwapulidwa.

A Kalonga atalonjerana ndi bambo, anatulutsa mpukutu wa mapepala onona, onunkhira mandasi. Bambo anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala.

"Pepani bambo," anatero a Kalonga. "Munthu wanuyu mwamusiya ali gone m'ngalande, botolo m'manja, mkazi wake akulongedza katundu. Kuntchito takangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana. Mnzanga akuti sadzuka. Ine ndikuti adzuka. Nanga inu eniake mukuti bwanji?"

Amayi anaima pakhomo atapinda manja, nawonso akudikira yankho. Kenako bambo anaseka mpaka misozi.

"Kamuuzeni mnzanuyo kuti waluza."

Sindinakwapulidwe. Anangondituma kukagula bolopeni, ndipo ndinathamanga ndikuvina. Mowa sanausiye tsiku lomwelo, ndisaname, koma anausiya, ndipo sewerolo analimaliza.

Lero ndikuona pamene tinkalakwitsa. Tonse m'nyumba tinkawamvera chisoni bambo, tikuyenda monyang'ama kuti tisawakhumudwitse. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa kuti nkhani yawo ithera pati.