Belu Lochokera ku Mulungushi

Anandilanda belu ndili Giredi 7, ndipo sukulu inapitira limodzi ndi belulo.

Sukulu yathu inali kumapeto kwa komboni ya Ngungu: makalasi anayi ndi mtengo umodzi wa mango. Pamtengopo panalendewera chitsulo chotalika ngati mwana wa zaka zitatu, chonenepa pakati, chosongoka kumunsi, dzimbiri lokhalokha. Anachitola m'thengo la ku Mulungushi ndi bambo wina wogulitsa zitsulo zakale. Ogula ku Kasanda atachikana, Ba Hedi, aphunzitsi athu aakulu, anachitenga n'kuchimangirira ndi tcheni. Ine anandisankha kukhala woliza belu chifukwa atate ankandibwereka wotchi yawo ya pamkono. Zaka ziwiri ndinachimenya ndi bawuti, kasanu pa tsiku.

Sindinama, ndinkachikonda. Chinali ndi mawu akulu, omveka mpaka kumsika. Koma chinali ndi khalidwe lake. Kulira kukatha, mkati munkatsala kaphokoso kena, ngati kamwala kakugubuduzika pang'onopang'ono kufuna pokhala. Nthawi yotentha chinkachita thukuta lachikasu pamsoko, lonunkha ngati polishi wa nsapato. Nyerere zinkayenda mtengo wonse, koma zikafika pa tcheni zinkabwerera. Sindinaonepo mbalame itatera pa nthambi imeneyo. Ndinawauza Ba Hedi kawiri. Anandiyankha kuti ngati ntchito yandikwana, ofuna udindo ndi ambiri.

Lachisanu lina kunabwera asilikali a ndege kudzapaka penti makalasi athu. Anafika pa lole, akuseka, atanyamula zidebe. Pakati pawo panali mdala wina waimvi, wosayankhulayankhula, amene anzake ankamupatsa ulemu. Nthawi yopuma itakwana ndinatenga bawuti wanga. Ndinamenya kamodzi. Ndisanamenye kachiwiri, dzanja lozizira, lonyowa ndi penti, linagwira mkono wanga.

"Mwaiche, mwana iwe, ika pansi icho. Pang'onopang'ono. Usaponye."

Anali mdala uja. Maso ake sanali pa ine, anali pa belu.

Anatitulutsa sukulu yonse pamzere, osathamanga, osayankhula. Ana amene tinkasokosa ngati msika tinayenda duu, dzuwa lili paliwombo. Chimene chinkamveka ndi nsapato pamchenga, ndi belu lija kumbuyo kwathu, likung'ung'udzabe lokha. Mpaka lero sindidziwa ngati enawo ankalimva.

Pabwalo la mpira mdalayo anandikhazika pansi n'kundifunsa kuti ndakhala ndikuchimenya nthawi yaitali bwanji. Nditamuuza, anayang'ana zala zanga ngati akuziwerenga. Kenaka anandifotokozera. Anati atangolowa kumene usilikali, ndege za azungu a ku Rodeshiya zinkabwera kudzaphulitsa misasa ya omenyera ufulu, ku Mulungushi ndi kwina, zikuuluka m'munsi ngati zimeta mitengo. Tsiku lina iwo ndi asilikali anzawo anauzidwa kuti ndege zathu zisanyamuke. Anangokhala pambali pa ndege zawo, kumvetsera. Mabomba ena anagwa osaphulika, udzu n'kumera pamwamba.

"Ichi sichinafe," anatero. "Chinali kuyembekeza chabe."

M'mawa mwake akatswiri anachitsitsa, n'kuchigoneka pamchenga m'lole. Loleyo inayenda ngati yonyamula maliro. Anakachiphulitsira kutali kuthengo, koma malata a nyumba yathu ananjenjemera, agalu a m'komboni yonse n'kuyamba kulira.

Mungaganize kuti anthu anati ndine wamwayi. Ayi. Azimayi a kutchalitchi ankanong'onezana kuti mwana womenya imfa zaka ziwiri osafa sayenda yekha. Anzanga anandipatsa dzina loti Maliro, ndipo pabenchi panga ndinatsala ndekha. Amama anandizungulitsa m'mapemphero mpaka mawondo anachita zipsera. Atate anatenga wotchi yawo. Akuluakulu a maphunziro atabwera kudzafunsa, Ba Hedi anati palibe anawauzapo chilichonse. Ndinaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti ndi bodza. Kuyambira tsikulo dzina langa silinatulukenso pakamwa pa Ba Hedi.

Pamtengo paja anapachikapo limu ya galimoto, n'kupatsa mnyamata wina bawuti wanga. Limu ikangolira, thupi langa linkalowa lokha pansi pa desiki, ine ndisanaganize. Kalasi yonse inkafa ndi phwete, aphunzitsi nawonso. Ndinayesa kutseka makutu ndi thonje, osathandiza. Sabata yachitatu ndinadzikodzera pamaso pa atsikana. Ndinatola mabuku anga n'kutuluka, ndipo palibe anabwera kunyumba kudzafunsa kuti ndili kuti.

Masiku ano sukuluyo ili ndi mpanda wa njerwa ndi belu lamagetsi. Akuti amangodina ndi chala ali muofesi. Mango uja anadula. Ine ndimaitanira anthu pa siteshoni ya minibasi, ndipo ndege za asilikali zikadutsa ana amaziimikira manja. Aziimika, sadziwa kanthu. Amene anaponya chinthucho sanandidziwe, amene anachipachika anapuma ntchito mwaulemu. Chisoni cha munthu sindichifuna. Anatsala matemu awiri kuti ndilembe mayeso, ndipo matemu awiriwo palibe wandibwezera.