Chaka Chimene Herode Anavula Chisoti

Mukafika pa Chinakanaka n'kufunsa za a Hudson Nampinga, anthu azingoyang'anizana ngati mwatchula mlendo wa ku Nsanje. Koma mungonena kuti mukufuna a Herode, ngakhale mayi wogulitsa mandasi akulozerani njira: mulunjike phiri la Chambe, mukafika pa mitengo ya mango mukhotere kumanja, nyumba ya malata adzimbiri ndi yomweyo. Dzinali analitola kutchalitchi, pa sewero la Khirisimasi, ndipo linawakanirira ngati chisoso pa chitenje.

Agogo awo anachokera ku Mozambiki kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi, ndipo a Hudson nawo anayamba kuthyola tiyi ali mnyamata, dengu kumsana, mpaka anakwezedwa kukhala kapitawo. Ukapitawo sunawakhale. Munthu wake ndi wofatsa, woti mbuzi ya mnzake ikamudyera chimanga wopepesa amakhala iyeyo. Koma anthu ofatsa amaona zambiri. Zaka zonsezo ankasunga m'mutu kayendedwe ka bwana wina wa pa esiteti, kakhosomoledwe kake, ndi mmene ankalozera anthu ndi ndodo. Chaka china mpingo utasowa munthu wosewera Herode, a Hudson anangomutulutsa bwana uja yense wathunthu.

Mudziwe kuti kuno sewero la kubadwa kwa Yesu mwini wake ndi Herode. Mariya amangokhala phee ndi khanda, Yosefe amangoimirira ngati mlonda, abusa a nkhosa amagona. Anthu amadikira mfumu. A Hudson ankalowa atavala majombo a ku esiteti, nsalu yofiira ya pawindo paphewa, magalasi akuda, ndi chisoti cha katoni chomatidwa pepala lonyezimira la m'mabokosi a tiyi. Akangokhosomola kamodzi, anthu ankafa nalo phwete. Akafuula kuti, "Asilikali! Ana onse a ku Betelehemu, ndisamve ngakhale mmodzi akulira!" anyamata ankathamanga ndi zikwanje zamatabwa kukalanda ana kwa amayi a Mvano. Anawo anali zidutswa za thunthu la nthochi zokulungidwa m'zitenje. Amayiwo ankalira mwachipongwe, kudzigubuduza pansi, wina n'kumukwapula msilikali ndi mwana wake yemweyo, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Kulira kukatha, angelo, ana a Sande sukulu ovala zoyera, ankalowanso kudzatsekera ndi nyimbo yawo ya mtendere pansi pano, ndipo aliyense ankapita kukadya mpunga wake. Palibe amene ankaganiza kuti m'nkhaniyi muli maliro.

A Hudson anakwatira pafupi, kungodumpha kamtsinje kochokera kuphiri, moti anzawo ankawaseka kuti ndi mkamwini yekhayo amene amamva fungo la ndiwo za kwa amayi ake. Akazi awo, a Lily, amene lilime lawo silichedwa, ankathira ndemanga: "Anaopa kusochera." Kutsidyako, pa malo a makolo, panatsala Rosie, mwana wa malemu mchemwali wawo. Mwamuna wa Rosie anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ndiye nkhani zonse za pakhomopo zinkathera kwa amalume, eni mbumba. Rosie anali ndi ana awiri, kamtsikana kotchedwa Takondwa ndi kamlongo kake Chiyembekezo, kamene kanali katangoyamba kuyenda. Ana ena onse ankathawa akakumana ndi Herode panjira. Takondwa yekha ankawakwera pamsana n'kuvala chisoti chija, chikumutsikira mpaka pamphuno.

Mu Malichi wa 2023 namondwe uja wa Freddy anafika. Mvula inagwa osapumira, phiri osaoneka, ndipo pa wailesi ankanena kuti okhala m'mbali mwa mitsinje asamuke. Ena anamanga katundu n'kukabisala kusukulu. Rosie anawoloka kamlatho ka mitengo atafunda thumba la feteleza, n'kuima pakhomo pa amalume ake.

"Mosheliwa, amalume," anapereka moni wa Chilomwe. "Anzathu apita kusukulu. Nanenso nditenge ana ndizipita?"

"Kusukulu kuja anthu apanikizana ngati usipa m'dengu," a Hudson anayankha. "Ana akadwala m'mimba. Ine ndabadwira pano, mwana wanga. Napolo sanadutsepo pa malo a amayi. Khala."

Analankhula mwachikondi, ndipo n'chimene chimapweteka. M'mawa mwake Rosie anabweranso kudzapala moto, poti nkhuni zake zinali zitanyowa, ana atawasiya m'nyumba. Ali chiimire pakhonde ndi phale la makala m'manja, phiri linabangula. Matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo yathunthu zinatsika ndi kamtsinje kaja. Pamene anatembenuka, kutsidya kunalibe nyumba, kunalibe nthochi, kunalibe kanthu. Anthu anakumba ndi makasu mpaka manja kutupa, koma anawo sanapezeke.

Akuluakulu amati munthu akasowa chotero, mwini mbumba amadula thunthu la nthochi n'kukaliika m'manda m'malo mwa mtembo, kuti anamfedwa alire, maliro athe. A Hudson sanachite zimenezo. Akafunsidwa ankati dikirani, mwina apezeka. Zoona zake n'zakuti sankatha kumuyang'ana Rosie m'maso. Iye anakakhala kwa mayi wina wa Mvano pafupi ndi tchalitchi, ndipo a Hudson akamuona patali ankakhota njira. Lamulungu kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo n'kuzemba nyimbo yomaliza isanathe. Ufa, mchere ndi sopo ankatumiza kudzera kwa akazi awo.

"Bambo, ufa sulankhula," a Lily ankawauza. "Pitani nokha."

Sanapite. Anaonda, buluku n'kumamangira chingwe, ndipo mvula ikangowaza padenga ankatuluka panja kukayang'ana phiri. Anthu nawonso, poopa kutosa bala, anasiya kumutchula Rosie kuti amake Takondwa. Anangobwerera ku dzina la pautsikana, ngati kuti sanaberekepo. Ankayesa kumuchitira chifundo, koma chifundo china chimaluma.

Disembala atafika, anthu a sewero anakumana pansi pa mtengo wa mango mapemphero atatha. A Alufeyo, mkulu wa mpingo, munthu wabwino ndithu, anayamba ndi kukanda pakhosi.

"Abale, chaka chino za Herode tichotse. Anthu ali ndi mabala. Tingoonetsa khanda, abusa ndi angelo basi. Khirisimasi ndi mtendere."

Onse anavomera, ndipo woyamba kugwedeza mutu anali a Hudson, mtima utakhala m'malo. Pomwepo ku mbali ya amayi kunaimirira Rosie, amene palibe ankadziwa kuti watsalira.

"Pepani akuluakulu, ndilankhuleko. Mukachotsa amayi olira aja, ine m'nkhani ya Yesu ndikhala pati? Mwana uja anabadwira m'dziko limene ana anzake anafa, eti? Mtendere woti muyambe mwatibisa ife kuti muuimbe bwino, ine sindikuufuna. Ndisewera nawo. Ndipo Herode akhale yemwe uja."

Anakhala pansi osayang'ana aliyense. Nkhani inatha momwemo. A Hudson analunjika kunyumba.

"Wandiweruza mwana uja," anauza akazi awo. "Akufuna ndinene ndi pakamwa panga, pamaso pa mpingo, kuti ana aja wopha ndine."

"Kaya," a Lily anayankha. "Koma kuthawa kokha mwathawa mokwanira."

Akanatha kudwala dala, monga amachitira anthu akamaopa mlandu. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Anatsitsa chisoti pa msomali, n'kupukuta fumbi, ndipo anapeza kuti m'mbali mwake munali mopindika pamene Takondwa ankagwira ndi tizala take. Sanawongolepo.

Tsiku la Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka ena kusuzumira pamawindo. Mariya anabereka, abusa anadzidzimuka, anzeru a kum'mawa anafika atavala matawulo kumutu. Kenako Herode analowa ndi majombo ake. Anakhosomola monga mwa nthawi zonse, ana angapo anaseka, koma kusekako kunazima kokha. Anthu anali ataona amayi a ku Betelehemu atakhala pamphasa. Aliyense anali ndi mwana mmodzi wa nthochi. Rosie anali ndi awiri, wina kumsana, wina pamiyendo.

Nthawi ya lamulo itakwana, a Hudson anangoti maso pamphasa paja. A Alufeyo anawanong'oneza kuchokera pambali, ngati kuti munthu angaiwale mawu amene wakhala akufuula theka la moyo wake. Potsiriza anatuluka mawu ang'onoang'ono, a nkhalamba yotopa: "Asilikali, pitani."

Anyamata anapita mozengereza, zikwanje zamatabwa zikuloza pansi. Analanda ana a amayi enawo, amayiwo osasewera n'komwe. Atafika pa Rosie anaima. Iye anamasula yekha mbereko, n'kupereka wa kumsana, n'kupereka wa pamiyendo. Anayang'ana manja ake opanda kanthu, kenako anaika manjawo kumutu.

"Takondwa iwe! Chiyembekezo mwana wanga ine! Ndinangopita kukapala moto ine, mayo!"

Sikunali kulira kwa sewero, ndipo aliyense anadziwa. Mayi wina kumbuyo anayamba kuitana dzina la mwamuna wake amene anapita ndi madzi omwewo. Wina anaitana mng'ono wake. Posakhalitsa tchalitchi chonse chinali pamaliro, maliro amene anthu anawasunga m'mimba chiyambire mvula ija. Abambo anaweramitsa mitu. Asilikali anangoima, ana a nthochi ali m'manja, misozi ikutsika.

Herode anavula magalasi. Anavula chisoti n'kuchiika pansi. Anatsika pa mpando wachifumu, umene unali mpando wa abusa woyalidwa nsalu, n'kuyenda chokwawa mpaka m'mphepete mwa mphasa. Pamenepo munthu wamkulu, kapitawo wakale, analira mokweza ngati mwana.

"Amake Takondwa, ndine ndinati khala. Ndine, amake Takondwa."

Pakhomo angelo anali akudikira. Anawaphunzitsa kuti azilowa amayi akasiya kulira, koma lero kulirako sikunkatha. Mphunzitsi wawo, atasowa chochita, anangowakankha. Analowa m'mizere yawo yokhotakhota, timapiko ta katoni tikugwedera, n'kuyamba kuimba za ulemerero kumwamba ndi mtendere pansi pano. Palibe amene analetsa olira, palibenso amene analetsa oimba. Nyimboyo inali itaimbidwa m'tchalitchimo zaka zambirimbiri, koma tsiku limenelo ndi pamene anthu anamvetsera mawu ake.

Kulira kutayamba kuzizira, Rosie anapukuta nkhope ndi mbereko n'kuwayang'ana amalume ake, koyamba chichitikire ngoziyo.

"Chiyambire Malichi palibe amene wanditchula dzina limenelo," anatero. "Mkwiyo ndinali nawo, amalume, ndipo sindinama kuti watha wonse. Koma chondipweteka kwambiri si mawu anu aja ayi. Amayi anamwalira, mwamuna kulibe, ana anapita. Ndiye inunso mukandiona n'kumakhota njira? Ndikanalira ndi ndani ine?"

Rosie anakodola anyamata awiri amene anatenga ana ake. Analandira zidutswa ziwiri za nthochi zija, n'kukonza bwinobwino zitenje zake, monga amachitira mayi akamafunditsa mwana, n'kuziika m'manja mwa amalume ake.

"Nyamulani adzukulu anu. Mawa mutitsogolere kumanda."

A Alufeyo, akupukuta m'maso ndi kolala ya jekete, anati mpingo ubwera ndi nyimbo. Palibe amene anakumbuka kutseka sewero. Anthu anangopatuka kusiya njira pakati, ndipo a Hudson anadutsa pang'onopang'ono, wina kudzanja ili wina kudzanja ili, atachirikiza mitu ngati mmene amanyamulira makanda. Rosie anali pambuyo pawo, a Lily atamugwira mkono. Chisoti chinatsala pansi pomwepo.

Pamene ankatuluka pakhomo mvula inali itayamba kuwaza. A Hudson sanatembenuke kuyang'ana phiri. Anangokoka nsalu yofiira ija paphewa n'kufunditsa anawo kuti asanyowe.