Mmene Kompyuta Inakwatitsira Mlongo Wake wa Kasefa

"Achemwali, mkazi amene mwandipatsayo ali kuti? Bwerani naye ndimuoneko nkhope, poti mphete yanga yabwezedwa chifukwa cha iye!"

Wokalipayo anali mlongo wake wa Kasefa, dalaivala wa mabasi, ataima pakati pa chipinda cha makompyuta, thukuta kamukamu, kamphete kali pachikhatho. Chibwenzi chake, kalaliki wa mu ofesi ya antchito pakampani yomweyo, anatsegula kompyuta Lolemba m'mawa n'kupeza pa dzina la mwamunayo palembedwa kuti "Wokwatira: inde." Sanafunse zambiri. Anangovula mphete n'kuisiya pampando wa basi.

Kasefa musamuone kufupika. Mayi ameneyu kukoleji sanapondeko. Anayamba ndi kutaipira anthu makalata pakhonde la sitolo, kenako n'kudziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu pakompyuta yothothoka mabatani awiri. Lero ndiye womasulira pakati pa makina awiri osamvana: pulogalamu yakale ya kampani, ndi yatsopano ya pa intaneti imene imalandira chinthu chilichonse m'kabokosi kakekake. Pakhoma pake pali pepala la mizati iwiri, kuno mmene yakale imasungira, uko mmene yatsopano imafunira. Deti ikalowe pa deti. Kulemera kwa katundu kupite ndi kadontho kake. Nambala ya foni ipite ngati mawu, chifukwa ukaitumiza ngati nambala yowerengera, ziro wa kutsogolo amagwa panjira. Dzina la Kasefa anam'patsa poti palibe chimadutsa pamaso pake osasefedwa, ndipo amasefa uku akulalata.

"Khala pansi iwe, ukutithira malovu pamakina," anatero. "Fomu ija unadzaza?"

"Ndinadzaza dzina."

"Pa funso la banja?"

"Ndinasiya. Kampani ndi amalume anga kuti izidziwa zimenezo?"

Kasefa anangogwira tsaya, tsaya lomwe anazulitsako dzino Lachisanu. Nkhani yonse anaiona poyera. Pulogalamu yakale inali ndi mayankho atatu pa funsolo: wani kwa wokwatira, ziro kwa wosakwatira, ndi malo opanda kanthu kwa amene sanayankhe. Yatsopanoyo inkangodziwa inde ndi ayi. Iye anali atalimbana sabata yathunthu kuti aitsegulire malo achitatu. Bwana wake, amene anthu amam'tchula Mapepala chifukwa cha madigiri opachika khoma lonse, ankati zimenezo n'zochedwetsa ntchito. Ndiye Lachisanu lija, mwini wake ali yasa! pampando wa dokotala wa mano, abwana analowa n'kulemba okha kamzere kamodzi: chilichonse chimene si ziro ndi inde.

Munthu wina akanakonza mwakachetechete. Osati Kasefa. Anayamba wawerengetsa kompyuta anthu amene inawakwatitsa mosawafunsa, inapeza mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Anasindikiza mayina onse, pamwamba n'kulemba ndi zilembo zonenepa kuti "Mafuno abwino kwa maanja atsopano," n'kukamata pabolodi la pafupi ndi kantini. Mlonda wa pageti, nkhalamba yoferedwa kalekale, anavala magalasi, ndipo atapeza dzina lake anafunsa ngati mkaziyo amadziwa kuphika. Makaniko wina amene wakhala akuzemba ukwati zaka makumi awiri anangokhala pa tayala. Amayi ophika tiyi anati bola awauze msanga mwamunayo amagwira shifiti iti.

Anthu akuseka choncho, Kasefa anatsikira ku ofesi ya antchito, mlongo wake akumutsatira. Anapeza kalaliki uja maso ali psuu, akudinda mapepala ngati akupha nsikidzi.

"Mlamu, dzuka."

"Musanditchule mlamu. Mlamu wanu ali m'kompyutamo."

"Mlongo wanga ndi waulesi, ndi wamakani, masokosi sachapa. Koma mkazi wobisa alibe. Ndani angalole kubisidwa ndi ameneyu? Tiye ukamve wekha."

Onse atatu anakwera masitepe kulunjika ku ofesi ya Mapepala, Kasefa patsogolo, kalaliki pakati, dalaivala pambuyo atafumbata mphete yake. Sanagogode. Mapepala anali pafoni, ndipo ataona nkhope zimenezo anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Mayi, ndamva za bolodi. Kachotseni. Ndi kamzere kamodzi, mukonze basi, nkhani ithe."

"Kamzere ndikonza ndisanamalize n'komwe tiyi, abwana. Koma ndikakonza ine, mtsikanayu adzati mlongo wabisira mlongo mnzake. Akhulupirira bwanji dzanja langa?"

Kalaliki anapinda manja pachifuwa. "N'zimene ndikuganiza kale."

"Mwamva?" Kasefa anatembenuza kompyuta ya abwanawo, n'kutsegula mbiri yosonyeza amene anasintha chiyani ndi liti, n'kuloza ndi chala. "Lachisanu, folo koloko. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi thonje m'kamwa. Dzina lili apali ndi landani?"

Mapepala anayang'ana madigiri ake pakhoma.

"Ine sindinapite kusukulu zanuzo, ndiye ndiwerengereni inu. Mokweza, mlamu wangayu amve ndi makutu ake. Munthu amene sanayankhe funso, ndani anam'yankhira? Mlongo wangayu anam'kwatitsa ndani, abwana? Tikudikira."