Phazi Lamanzere la Che Abasi

Ku Kawale kunali amuna okonda bawo, okonda mpira ndi oweta nkhunda, ndipo akazi awo ankadandaula pampopi m'mawa uliwonse. Zaituni akamva madandaulo amenewo ankangopukusa mutu, poona kuti anzakewo mavuto sakuwadziwa. Iye anakwatiwa ndi munthu wokonda njinga yamoto, ndipo njingayo inkagona pabalaza, pamene anthu anzeru amaikapo kabati ya mbale. Pansi pa injini pankakhala mbale yamaluwa ya Zaituni, yolandirira oyilo wodontha.

Amuna akewo, Che Abasi, anali makaniko wa pa Biwi, ndipo tisaname, ntchito ankaidziwa. Njingayo anaitenga ku Namwera, pa esiteti ya fodya pamene ankagwira ntchito ali achinyamata. Mzungu wa pa esitetipo anali ndi masewera achilendo, oyendetsa njinga ataimirira pamiyala ndi m'zigwembe, mwapang'onopang'ono, ndipo wopambana anali amene sanapondeko pansi. Pobwerera kwawo mu 1981, mzunguyo anawasiyira Che Abasi njinga pamodzi ndi matenda akewo. Lamlungu lililonse ankapita kuchigwembe cha kuseri kwa Kawale, n'kubwerako ndi mawu amodzimodzi: "Lero sindinaponde." Zaituni anawamva mawuwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo sanafunsepo ngakhale kamodzi.

Mlendo akafika pakhomopo, tiyi ankazizira m'kapu chifukwa cha ulaliki.

"Taonani apa," ankatero Che Abasi atanyonyomala. "Mavalavu ali m'mbali mwa injini, osati kumutu ngati tinjinga ta masiku anoti. Ndiye kulemera konse kuli pansi, njinga sipendama. Pisitoni ikayenda kanayi, moto umayaka kamodzi. Thu, yapuma. Thu, yapuma. Pakati pa thu ndi thu, tayala limapeza mpata woluma dothi. Siizima pachikweza. Petulo ngakhale wa m'zigubu imamwa osatsokomola. Ikadwala, sipanala imodzi basi."

"Nanga liwiro?" ankafunsa mlendo wosadziwa.

"Mukuthamangira kuti?"

Liwirolo Zaituni ankalidziwa. Anakwerapo kamodzi popita kumsika wa Chilinde, ndipo munthu wina wopalasa njinga yakapalasa, atanyamula matumba awiri a makala, anawapitirira, kuwapatsa moni, mpaka kufunsa za kunyumba. Chichokereni tsiku limenelo Zaituni ankayenda wapansi. Che Abasi sanadandaule. Anachotsa mpando wakumbuyo kuti njinga ipepukeko.

Mu Januwale 2004 mwana wawo Hafsah ankakwatiwa. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata. Akuchimuna anachokera ku Nkhotakota pa minibasi ya hayala, ndipo dalaivala ananeneratu kuti ikakwana 3 koloko masana iye akudzutsa galimoto, ukwati kaya wamangidwa kaya ayi. Shehe anafika m'mawa. Mpunga unapsa. Amene sanafike anali Che Kassimu, mchimwene wake wa Zaituni, mwini mbumba, amene ankalima kuseri kwa Njewa, kutsidya kwa dambo. Ndipo ukwati wa mwana wamkazi sumangidwa amalume ake kulibe.

Che Kassimu anali ndi nyamakazi, kuyenda kwake kunali kwa ndodo. Galimoto imene inatumidwa kukawatenga inatitimira pakamwa pa dambo. Greenwell, woyandikana nawo nyumba, anadzipereka ndi njinga yatsopano ya kuntchito kwake, yofiira, yolira ngati mavu. Anabwerako pa 11 koloko ali matope okhaokha, akuti tayala linkangozungulira pamodzimodzi n'kumakumba dzenje.

Pamenepo azakhali a mkwati anayankhula, osakweza mawu, koma mokwanira kuti amve onse a m'khitchini. "Kapena mwanayu alibe eni ake kuno?"

Zaituni mtima unamuwawa. Anasuzumira kuchipinda, n'kuona Hafsah atakhala pamphasa, atavala zaukwati, misozi ili m'maso. Kenaka anapita pabalaza. Che Abasi anali atakhala pafupi ndi njinga yawo, mkanjo woyera uli mbee, akupukuta thanki yomwe inali yopukutapukuta kale. Chiyambire m'mawa sanadziperekepo kuti apite. Ankadikira kupemphedwa, ndipo Zaituni anadziwa, ndipo zinamunyansa kwambiri.

"Bambo a Hafsah, pitani mukawatenge achimwene."

"Pa chiyani?"

"Mukudziwa."

"Ndimati ndimve bwino, poti galimoto ilipo, ndi njinga ya a Greenwell iliponso."

"Pa chitsulo chanuchi," anatero Zaituni akukukuta mano.

Poti mpando wakumbuyo unachotsedwa kalekale, Zaituni anazula khushoni pa sofa wake n'kuimangirira ndi mphira. Anawauza amuna akewo kuti avule mkanjo, avale ovolosi ya ku Biwi. Iwo anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Matope andipeza bwanji munthu wosaponda pansi?"

Anakwinya mkanjo m'chiuno, anaponda sitata kamodzi, ndipo njinga inatuluka pachipata mosafulumira, ana akuitsatira poyenda, osati pothamanga.

Kudikira kwake kunali kowawa. Swala, pemphero la masana lija, inadutsa. Mpunga anautenthetsa kachiwiri. Azakhali aja anayamba kufunsa komwe anaika chikwama chawo. Zaituni ankagawa tiyi akumwetulira, koma mumtima ankakalipira zonse: mvula, dambo, miyendo ya achimwene ake, ndi mzungu wa ku Namwera, kaya ali moyo kaya anafa. Pa 2 koloko dalaivala analiza hutala. Pa hafu pasiti analizanso, ndipo akuchimuna ena anayamba kufunafuna nsapato zawo.

Ndiye kunamveka thu, kenaka thu, kutali. Kuchokera pomwe anaimva mpaka pomwe anaiona panadutsa nthawi yoti munthu n'kutsuka mbale zonse za ukwati. Zaituni anaima pachipata, chitenje atachigwira ndi manja awiri. Njinga inakhota pagolosale. Kumbuyo kunali Che Kassimu, atakumbatira alamu awo m'chiuno, maso atatsinzina, chisoti chili pamalo pake, ndodo itamangidwa pamsana. Azimayi anayamba nthungululu.

Zaituni sanaimbe nawo. Iye anali ataona miyendo ya amuna ake. Wakumanja unali woyera monga unachokera. Wakumanzere unali matope akuda mpaka m'bondo, mkanjo mbali yonseyo utada, ndipo nsapato kunalibe.

Che Kassimu, amene zaka zonsezi ankati njingayi ndi chigayo chothawa ntchito, anatsika n'kuyamba kufotokozera aliyense. Dambo analidutsa, galimoto yotitimira ija anaipitirira, injini ikungoti thu, thu, ngati ikuwerenga mapazi. Koma pachikweza chomaliza, pamwamba pa madzi othamanga, khushoni inatsetsereka, ndipo Che Kassimuwo anayamba kugwa chagada. "Basi alamu anaponda pansi," anatero, "phazi m'matope, dzanja limodzi kundigwira pamalaya. Injini osazima."

Anthu anaombera m'manja. Che Abasi anayang'ana kumbali.

Nthawi yosintha zovala panalibe. Zaituni anawakokera kuseri kwa nyumba ndi beseni la madzi, anagwada n'kuyamba kutsuka mwendowo. Anali ndi mawu ambiri amene anawakonza kuyambira m'mawa, a ovolosi, a mkanjo, a mpando wochotsedwa uja, koma maso ake anagwera paphazipo. Chala chachikulu chinali chitang'ambika pamwala.

"Injini sinalakwe," anatero Che Abasi chapansipansi. "Ndi khushoni. Sinamangidwe bwino."

Zaituni anasiya kutsuka. Anawayang'ana nthawi yaitali, munthu amene anabereka naye ana atatu, ndipo anafunitsitsa kuwakhuthulira beseni lonse kumutu. Anangofinya kansalu n'kumanga chalacho.

Ukwati unamangidwa mphindi khumi isanakwane 3 koloko, bambo a mkwatibwi atakhala pamaso pa shehe ndi mkanjo wamitundu iwiri, phazi limodzi atalibisa pansi pa linzake. Azakhali aja anadya mpunga mbale ziwiri.

Lamlungu lotsatira Che Abasi anapita kuchigwembe monga mwa masiku onse. Atabwerako analowetsa njinga pabalaza, anakhala pa sofa wopanda khushoni imodzi, osanena kanthu. Zaituni anasesa pakhonde. Anasesanso. Anazindikira kuti akudikira mawu aja, ndipo anadzikwiyira yekha.

"Mwaponda?" anafunsa ali pakhomo.

"Ayi."

"Ndiye osanena bwanji?"

"N'chiyani chonena? Sabata imodzi yokha. Kuwerenga masabata osaponda ndayambiranso poyamba."

Zaituni anatsamiritsa tsache kukhoma. Anawerama, anasolola mbale yake yamaluwa ija, anakataya oyilo kudzala, anaipukuta bwinobwino, n'kuibwezera pansi pa injini.