Ndinatsekera Mlongo Wanga Njira ya ku Tete

Inu owerenga, mlongo wanga Rozariya anamwalira chifukwa cha ine, ndipo wofuna kunditonthoza asadzivute.

Ndine pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi wa sukulu, ku Domwe. Kwathu pepala lililonse limabwera kwa ine kuti ndiwerenge, ndipo zimenezi zinandipatsa matama. Rozariya atapezeka ndi chotupa m'bere, adokotala anati ndi khansa koma ikadali yaing'ono. Analemba giya, kalata yomutumiza ku Tete kuti akamuchite opaleshoni. Mwamuna wake, a Batista, mlimi wa mbatatesi, anali wokonzeka kumuperekeza.

Ine ndinakana. Ndinali nditawerenga pafoni za mapeputayidi, timapuloteni ting'onoting'ono timene akatswiri akuyesa kuti tizisaka khansa m'thupi. Kafukufukuyo alipodi. Koma ine ndinangotola dzinalo n'kukagula timabotolo kwa mkulu wina wa tayi, amene ankatisunga mufiriji ya zakumwa kumalire. Chilombo cha munthu! Ankatchula mawu omwewo amene ndinawerenga, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo.

A Batista anabwera kudzanjuta pakhonde panga. "Alamu, chonde timvere achipatala." Ndinawayankha kuti mwinimbumba ndine, iwo ndi mkamwini chabe, anabwera kudzalima. Anangowerama, poti kwathu mkamwini satsutsa mwinimbumba. Giyayo ndinaitsekera m'kabati.

Miyezi isanu ndi iwiri tinkamubaya Rozariya madzi a m'timabotolo tija. Chotupa chitaphulika, wa tayi uja anati ndi poizoni akutuluka, kenako foni yake inasiya kupezeka. Titafika ku Tete, adokotala anayang'ana tsiku limene giya inalembedwa, n'kundiyang'ana ine. Khansa inali italowa m'mapapo.

Pamaliro, mwinimbumba ndiye amafotokoza mmene matenda anayendera. Ndinaimirira, wopanda manyazi ine, n'kunena kuti tinayesetsa. Ngakhale pamenepo a Batista sananditsutse. Bola akanandimenya khofi pamaso pa anthu.

Ndimakwiya ndi wakuba uja, koma ndimakwiya kwambiri ndi ine mwini. Abale anga, mankhwala enieni a khansa amapereka ndi dokotala amene wakupimani, sagona pamodzi ndi zakumwa. Inu eni mbumba anzanga, kudziwa kuwerenga si udokotala. Ndipo mufunseni wodwalayo, chifukwa ine sindinamufunse. Chikwama cha Rozariya tinachipeza kuseri kwa chitseko, zitenje ziwiri ndi kolona zili momwemo, chilongedzere tsiku limene analandira giya.