Tsiku limene anadzagwira a Tidzaona

Uthenga unandipeza ndili ndi tsache m'manja, ee, tsache m'manja. Linali Lachisanu m'mawa, ndikusesa kabwalo ka kuseri kwa chitokosi. Mayi wapolisi wosunga makiyi anaima pakhomo nati, "Agogo, siyani tsachelo. Mukupita kwanu." Ndinaika tsachelo pansi. Ndinangofunsa kuti, "Nanga abambo akwathu ali moyo?" Iye anati, "Ine ndimadziwa za makiyi, agogo. Za kumudzi mukazionera komweko."

Ndikulemba ndekha, ndi zilembo za sukulu ya kwacha, zopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ondigwira sindiwatchula mayina. Mayina ndasungira ena.

Ine ndine wa zisudzo, sindinaphunzire kwa munthu. Kwathu n'kumapiri, kumene Dowa amapatsana moni ndi Ntchisi, ndipo kumunsi kwa mudzi kuli mtsinje wopanda mlatho. Mvula ikagwa ana sapita kusukulu, mayi wapakati amachirira tsidya lino, pamchenga. Chisankho chikayandikira akuluakulu amabwera, kuuyeza mtsinjewo ndi maso, n'kunena kuti, "Tidzaona." Ndiye ine ndinabala munthu. Ndinamubala ndili kale ndi zidzukulu, dzina lake a Tidzaona. Mimba ya mtsamiro, ndevu za khonje, nsidze za makala, jekete ya amuna anga, mawu ochokera pansi pa mchombo. Tsiku la msika amayi anzanga amakhala anthu a m'mudzi opempha mlatho. A Tidzaona amakweza buluku, n'kuyankha kuti, "Anthu anga, mlatho ulipo kale, koma maso anu ndi aumphawi!" Anthu akaseka mpaka kugwira nthiti, timatulutsa kalata yathu yopempha mlatho, iwo n'kumadindapo zala.

Wina anajambula pa foni. A Tidzaona anayenda, anayenda, mpaka kufika kumene ine sindinapondeko.

Linali Lolemba, nyengo yosoka fodya, ndili m'chigafa. Galimoto inaima patsinde pa mango, munatuluka apolisi atatu. Wamkulu wawo anatambasula pepala lachidindo nati, "Tikufuna bambo Tidzaona." Ndinati, "Sali pano." Sindinaname kwenikweni, anali m'dengu kunsi kwa bedi. Anafufuza m'nyumba, anapeza jekete. Nthawi yomweyo abambo akwathu anatulukira kuchokera kudimba, khasu paphewa. Munthu wa mphumu, wachibwibwi, amene ngakhale nkhuku saikalipira. Anawaveka jekete ija. Inawakwana, nanga si yawo.

Ndinakuwa, "Bwana, a Tidzaona ndine!" Anaseka. Wina anati, "Agogo, chikondi chotere chinatha kalekale." Ndinakakhala pansi kutsogolo kwa galimoto. Ananditenga inenso, mlandu wanga kukhala pansiko.

Kuchitokosi anatisiyanitsa ndi khoma limodzi, iwo kwa amuna, ine kwa akazi. Simenti ya kumeneko ndi yozizira ngakhale masana. Lachiwiri anandiitana kwa bwana wa patebulo.

"Amuna anu avomera," anatero bwanayo.

"Avomera chiyani, bwana?"

"Kuti ndi iwo. Koma ayamba kunamizira chibwibwi kuti tisawazindikire mawu."

Mayo ine, mayo ine! Munthu amene kuti atchule dzina langa madzi a tiyi amawira, anavomera mlandu wolankhulitsa. Anavomera kuti aphimbe ine. Ndinati, "Ndibwerekeni jeketeyo, muone." Anati, "Jekete ndi umboni, si yovala."

Chifuwa chawo ndinkachimva kudzera m'khoma, ndipo ndicho chinkandiuza kuti alipo. Lachitatu masana chinayamba kuchepa. Chinachepa, chinachepa, chinatsala ngati kulira kwa kamwanapiye. Ndinagogoda chitseko, palibe anabwera. Ndinapempha mankhwala awo a mphumu, palibe anayankha. Ndiye ndinapinda bulangete, kuliika pamimba, kuima pachitseko, kutsitsa mawu mpaka pansi pa mchombo.

"Anthu anga a m'chitokosi muno! Ndamva kuti mukudandaula chidebe. Chimbudzi chamadzi chilipo kale, koma mphuno zanu n'zaumphawi. Tidzaona!"

Akazi amene ndinali nawo anagwa pansi n'kuseka. Kunja kunamveka nsapato, gu gu gu, wina akufuula kuti, "Mwamuna walowa bwanji kwa akazi?" Atatsekula anapeza ine, gogo wa mpango kumutu, bulangete pamimba.

Anandipititsa kwa bwana uja. Iye anayatsa foni, kumvera, kundiyang'ana, nati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Ndinakweza buluku limene kunalibe, ndinasisita ndevu zimene kunalibe. Wapolisi wina analuma kolala yake kuti asaseke. Bwana sanaseke. Dzuwa lisanapendeke, abambo akwathu anawatulutsa. Ine ndinaona mapazi awo okha, kudzera pa mpata wa kunsi kwa chitseko. Sankaponda pansi bwinobwino, anali pakati pa anthu awiri.

Kenako mafunso anatembenukira kwa ine.

"Anakutumani ndani?"

"Mtsinje, bwana."

"Amayi enawo mayina awo ndani?"

"M'sewero ndi anthu a m'mudzi basi, bwana, alibe mayina."

Anafunsa kachiwiri, anafunsa kachitatu. Mbama itatera, khutu langa lamanzere linasiya ntchito masana amenewo. Lamanja likundikwanira.

Masabata awiri anadutsa ngati utsi. M'khutu logonthalo munalowa mtsinje wa kwathu, unkangoyenda, waa, waa, osaphwa. Ndikakhala tsonga kutsamira khoma, nkhungu ya kumapiri inkalowa pa kawindo kakang'ono, n'kudzaza chipinda, makoma n'kusungunuka. Ndinkaona chigafa changa, fodya wosasoka akuuluka ngati mbalame zachikasu. Ndinkaona mlatho woyera, wautali, wopanda mizati, ana a sukulu akuyendapo osauponda. Kutsidya kunkaima abambo akwathu, khasu paphewa, akundikodola. Koma linali tsidya liti? La amoyo kapena linalo? Ndikati ndifunse, mayi wa makiyi ankagogoda ndowa, nkhungu n'kutuluka.

Amene anandimasula ndi loya wina wamkazi, wamng'ono ngati mwana wanga wachitsiriza, amene amayi anzanga anakamudandaulira. Ndinamva kuti anakawerenga pepala lija pamaso pa akuluakulu nati, "Pano palembedwa mwamuna. Alibe mudzi, alibe mayi, sanabadwe. Dzina la agogowa palibepo." Pepala la chidindo linagwa ndi ndevu za khonje.

Potuluka ndinadutsa pa tebulo la bwana. Ndinagwada mwaulemu, ndinati, "Bwana, kodi zisudzo ndisiye?" Iye osadzutsa mutu anati, "Tidza..." Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa. Ndinatuluka ndisanamve mapeto ake.

Ndinakwera minibasi, ndinatsika, ndinayenda wapansi. Mlatho kulibe, mpaka lero lino kulibe, ndipo kalata yathu ikudindidwabe. Ndinakwinya chitenje n'kulowa m'madzi. Anandifika m'mawondo, ozizira, okoma. Ufulu ine sindiudziwa wa m'mabuku. Umene ndikuudziwa ndi kuoloka nthawi imene wafuna wekha, ndi kuseka osacheuka.

Ndili pakati pa madzi ndinamva kuimba kumtunda. Ndi khutu limodzi sungasiyanitse nyimbo ya maliro ndi ya ukwati. Ndinaima, ndinatembenuza mutu, ndinatchera lamanjali. Mphepo inabweretsa nthungululu, ililililii! Pamaliro saimba nthungululu, anthuni, saimba!

Tsopano mayina aja, awa, ndiwaimbe.

Anatsetsereka phiri aNangondo, mbale ya mtedza ikutayika m'njira. Anabwera aNasimango ndi aNambewe, amene ndinakana kuwatchula patebulo paja, lero ndikuwatchula mokweza. Anabwera aNaphiri a ku Dzoole, mwana kumbuyo, mwana m'manja. Anabwera Che Asani, atatseka golosale yawo dzuwa lili pamutu, ndi akazi awo Abiti Saidi. Anabwera achemwali anga aNabanda kuchokera ku Chezi, nsapato kumanja. Anabwera aEsinati, aFelesiya ndi aLoveni, oimba a ku Mvera, nyimbo ili kale pakamwa. Anabwera ana anga Yohane, Malita ndi Eneresi. Zinabwera zidzukulu zanga Tiyanjane, Mphatso, Takondwa, Chisomo ndi Yamikani.

Ndipo kumbuyo kwa onse, pang'onopang'ono, akupumira pa mwala uliwonse, popanda wowagwira mkono, pa miyendo yawo iwiri, abambo akwathu, aMbewe anga, aYonasi.